Musafulumire kudula catalytic

Pa galaja yanga muno mu Kabwe, magalimoto amene amandipatsa ntchito kwambiri ndi a kutchire akale: Prado ya injini ya 3RZ, Hilux Surf ndi Pajero za petulo, zimene zinabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale. Dandaulo la eni ake limakhala limodzi: "Amisiri, ikumwa mafuta kwambiri, pachitunda ikukanika, ndipo kanyali ka injini kayaka." Ambiri amafika atagamula okha kuti tidule catalytic converter, tiwotcherere paipi wamba.

Ine ndimayamba ndi kufunsa galimotoyo. Pa Toyota zakale zosalowa makina oyezera, ndimalumikiza mapini a TE1 ndi E1 ndi kawaya, n'kuwerenga kuphethira kwa kanyali. Nambala 21 ikuloza ku sensa ya okosijeni. Pa zatsopanoko makina amalemba P0135, kutanthauza hita ya sensa, kapena P0420, kuti catalytic yafooka. Nambala imangondiuza poyambira kufufuza.

Injini ikatentha ndimaikweza kufika pa 2,500 rpm, mita yoyezera magetsi ili pa waya wa sensa. Sensa yamoyo imavina pakati pa 0.1 ndi 0.9 volti, kasanu ndi katatu kapena kuposa pa masekondi 10. Ikaima pansi sindiitaya msanga. Ndimalowa kunsi, n'kuyendetsa dzanja pafupi ndi manifodi ndi malo olumikizira paipi. Mabampu a msewu wafumbi wa ku Mulungushi Dam amang'amba paipi, mpweya wakunja umalowa pamng'alupo, sensa n'kuuza kompyuta kuti petulo wachepa, kompyuta n'kuthira wambiri. Kawirikawiri mlandu umathera pa gasiketi kapena pa waya woduka ndi chitsa.

Mtundu wa nsonga ya sensa umandiuzanso zambiri. Mwaye wakuda wouma ndi petulo wochuluka. Zoyera ngati choko ndi silikoni amene ena amamatira nayo magasiketi, kapena madzi a mu rediyeta olowa mu injini. Palinso mtovu. Ife a Kabwe timaudziwa chifukwa cha mgodi umene unatsekedwa mu 1994, koma unalinso mu petulo. Mayiko a kuno ku Africa anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti asiye petulo wa mtovu pofika kumapeto kwa 2005. Galimoto imene inamwako inawonongeka sensa ndi catalytic kalekale.

Pofuna kudziwa ngati catalytic yatsekeka, ndimamasula sensa yakutsogolo kuti utsi upeze potulukira, n'kuyendetsa pang'ono. Mphamvu zikabwerera, yatsekekadi. Ndikaigogoda ndi nkhonya n'kumva kuwayawaya m'kati, chisa chake chasweka, mwina ndi mwala, mwina powoloka madzi chili chotentha.

Ngakhale yatsekeka, ntchito sinathe. Catalytic imasungunuka chifukwa pulagi kapena koyilo yakufa ikutumiza petulo wosapsa kukayakira m'menemo, kapena injini ikudya oyilo. Mukaika yatsopano osakonza zimenezi, nayonso ipsa.

Chenjeraninso ndi wokuuzani kuti "tingoichotsa, simulipira." M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, ndipo ogula zitsulo amaifuna. Inu mumatsala ndi utsi wonunkha, iye ndi ndalama. Musanalole chowotcherera chiyake, muuzeni makaniko wanu akuonetseni zimene mita yawerenga, ndipo akachotsa catalytic, yakaleyo mutenge ndinu.