"Ndiitanireni adokotala enieni"

Ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ngakhale ku Mangochi kumene ophunzira a KUHeS amapita kukaphunzira ntchito, odwala ena akangoona mnyamata kapena mtsikana wovala khoti loyera akubwera ndi kabuku, nkhope imagwa. "Mwana ameneyu akufuna aphunzirire pa ine?"

Manthawo ndimawamvetsa, thupi si choseweretsa. Koma College of Medicine, imene pano ili mbali ya KUHeS, inatsegulidwa mu 1991, ndipo ambiri mwa adokotala akuluakulu amene tikuwafunawo anayambira pa mabedi omwewa.

Komanso wophunzirayu ndiye amakhala nanu nthawi yaitali. Amafunsa kuti chifuwa chinayamba liti, mumaphikira m'nyumba kapena panja, mankhwala a BP mumamwadi tsiku lililonse? Dokotala wamkulu mzere wake wafika panja, nthawi yocheza alibe. Amamva zimene wapeza wophunzirayo, n'kuonanso yekha asanagamule.

Chimene chimandinyansa n'china. Gulu la ophunzira kuzungulira agogo, osapereka moni, osadzitchula kuti ndi ndani, Chingelezi chili pamutu pawo. Agogowo ali ndi ufulu wokana, makamaka pofunika kuvula. Kodi kunena kuti "Agogo, ndine wophunzira, mungalole ndikuyezeni?" kumatenga mphindi zingati?