Kuzembera nkhwazi pa mtsinje wa Shire

Boti lathu linanyamuka m'bandakucha, mvuu zikubwerera m'madzi kuchokera kokadya msipu. Tinali m'nkhalango ya Liwonde, yomwe idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 amaiyang'anira ndi a African Parks mogwirizana ndi boma. Nkhwazi kuno n'zosasowa, m'mawa zimalandizana kulira tsidya ili ndi ilo. Kuziona n'kosavuta, koma kuti mutu woyera uja udzaze kamera, pamafunika kuupeza mtima.

"Achimwene, musaimirire, ndiponso musailoze ndi chala," anatero bambo woyendetsa boti, motsitsa mawu. Nkhwazi imalizolowera boti ngakhalenso galimoto. Imene siifuna ndi munthu woima chilili, maso ali pa iyo. Titaona ina itatera pa mtengo wouma, bamboyo sanailunjike. Anayamba wakwera kumtunda, kenako n'kuzimitsa injini kuti madzi atitenge okha, tikudutsa chammbali ngati tili ndi ulendo wathu wina, dzuwa lili kumsana kwathu.

Apa maso amafunika kukhala pa mbalameyo koposa pa kamera. Ikamakonza nthenga ndi mlomo kapena kuima ndi mwendo umodzi, ndiye kuti ilibe nanu nkhawa. Ikatalikitsa khosi, n'kumasinthanitsa miyendo pa nthambi, dziwani kuti mwafika pa malire, musasendererenso. Yathuyi inawerama pang'ono n'kuponya chitosi. "Konzekani, ikupita," anandinong'oneza bamboyo. Inaulukadi, molunjika kumene kumachokera mphepo, monga zimachitira mbalame zikuluzikulu ponyamuka. Liwiro la shutter ndinali nditalikweza kale kufika pa 1/2000, kuwala nditachepetsako pang'ono, chifukwa mutu ndi chifuwa choyeracho dzuwa likamenya zimangotuluka mbuu, nthenga osaonekanso.

Ku Cape Maclear anyamata a maboti amaimbira nkhwazi likhweru n'kuiponyera nsomba m'madzi. Chithunzi chimatuluka chokongola ndithu, zikhadabo zili yandayanda, koma kwa ine imeneyo ndi mbalame yolembedwa ganyu, ndipo zithunzi za alendo onse zimafanana.

Pobwerera pa Shire paja tinaona chisa chachikulu cha timitengo pamwamba pa mtengo wam'mbali mwa mtsinje, nkhwazi yaikazi, yomwe imakula kuposa yaimuna, itakhalira. Bamboyo analambalala patali osachepetsa n'komwe liwiro. Akuti make akathawa pachisa, mazira amatsala pa dzuwa ndipo akhwangwala sachedwa kufika.