Choyamba ndimafunsa: kodi zidachitika?

Ndimaphunzitsa Chingerezi pasekondale ina yoyendera m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ana ambiri m'kalasi mwanga ndi a makolo othyola tiyi, ndipo Chingerezi amakumana nacho kusukulu kokha. Komatu satifiketi ya MSCE sapatsa mwana amene walephera Chingerezi, ngakhale masamu akhoze bwanji. N'chifukwa chake ntchito yolembanso ziganizo za if sindiitenga mwachibwana.

Sindiyamba ndi malamulo. Ndimalemba pabolodi kuti: Mary did not wake up early, so she missed the minibus. Aliyense asanagwire cholembera, ndimafunsa: "Kodi Mary adalawira?" Onse pamodzi: "Ayi!" "Nanga minibasi idamusiya?" "Eee!" Luso lonse lagona pamenepo. Zomwe zidachitika kale sizibwerera, choncho chiganizo chatsopano chiyenera kutembenuza mbali zonse ziwiri: If Mary had woken up early, she would not have missed the minibus. Not wachoka kumayambiriro, wakakhala kumapeto. Mwana waphuma amamusiya pomwe adali, galamala n'kukhala yowongoka koma tanthauzo litafa.

Makwerero a ziganizo za if ndi atatu, ndipo onse ana amabwera nawo kuchokera kwawo. "Mvula ikagwa, tiyi aphuka." Izi n'zotheka ndithu, apa mpa will. "Nditapeza ndalama, ndingagule njinga ya kabaza." Uku n'kulakalaka chabe, apa mpa would. "Tikadasamuka msanga, katundu sakadapita ndi madzi." Mawu otere adamveka m'midzi yambiri kuno namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Apa mpa would have, ndipo mwana wa ku Mulanje sachita kuuzidwa kuti zimenezi sizingabwezedwe.

Amene amagwetsa ambiri ndi unless. Ameneyu ali kale ndi kukana m'mimba mwake, moti kumuwonjezera not kuli ngati kuthiranso mchere m'ndiwo zokolera kale.

Pochonga makope sindithamangira kuthetha. Ndimamuitana mwanayo, awerenge mokweza chiganizo chake ndi choyamba chija, kenaka andiuze ngati zikunena chinthu chimodzi. Nthawi zambiri asanafike kumapeto amaima yekha, n'kupempha kope kuti akakonze. Cholakwa chimene mwana wadzigwira nacho yekha sachibwereza kawirikawiri, ndipo khutu limenelo ndi lomwe adzalowe nalo m'chipinda cha mayeso.