Phatikizo lomaliza

Abale a m'gulu lino, ndakhala chete miyezi iwiri chifukwa ndinalephera mayeso olankhula Chifalansa, ndipo ntchito yomasulira imene ndinkaiyembekezera inandidutsa. Galamala ndinaikhoza. Chinandigwetsa ndi kakokedwe ka mawu, chinthu chimene ine, wa digiri ya maphunziro a ziyankhulo, ndinayenera kuchionera patali.

Ku sitandade 1 tinkaimba maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. Phatikizo la Chichewa limakonda kuthera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake tili ndi su-ku-lu ndi bu-ku. Ndipo tikafika kumapeto kwa chigawo cha chiganizo, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: nyuumba, chikoondi. Laura Downing ndi Al Mtenje analongosola zimenezi m'buku lawo la 2017, The Phonology of Chichewa. Kuno ku Mabopane khutu langa silinavutikepo, pakuti Atswana nawonso amakoka pomwepo. Woitanira takisi akakuwa kuti "Mabopaane", ndimangomva ngati ndili pa depoti ku Lilongwe.

Chifalansa chimaika mphamvu pa phatikizo lomaliza, ndipo si la liwu lililonse ayi, koma la gulu lonse la mawu. Mu "un ami" mphamvu ili pa mi. Mukati "un ami congolais", mi uja amaphwa, mphamvu n'kusamukira pa lais. Malire a mawu nawonso amasungunuka: "les amis" amagawidwa le-za-mi, s wogona uja n'kudzuka ngati z, kukagwira liwu lotsatira. Ine ndinkati "aami", ndipo "table", amene ndi phatikizo limodzi, ndinkamuswa patatu: ta-bu-lu. Woyesa anandipempha kubwereza kanayi.

Anzathu a ku Tete ndi Niassa, chenjerani pano. Kachizindikiro ka pa é m'Chipwitikizi kamakuuzani pomwe pali mphamvu, pomwe m'Chifalansa kamangonena kamvekedwe ka lembolo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti lamuloli ndinalilemba pa mayeso ku yunivesite, koma lilime silinawerenge nawo. Tsopano Loweruka lililonse ndimakhala pa benchi ya wometa tsitsi wina wa ku Congo pafupi ndi siteshoni. Ndimamuwerengera nyuzipepala ya Chifalansa pa foni, iye n'kumagogoda chipeso pa tebulo ndikakoka posayenera. Sabata yatha anagogoda ka 11 pa ndime imodzi. Dzina la dziko lathu amalitchula ndi mphamvu pa wi, ndipo sindinamukonzebe.