Mavoti awiri a ku Washington

Ndikamva anthu akunena kuti andale a zipani zosiyana sangamvane pa chilichonse, maganizo anga amapita ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko la America, m'zaka za 1985 ndi 1986. Panthawiyo nyumba ya House inali m'manja mwa chipani cha Democrat, ya Senate inali ya Republican, ndipo pulezidenti anali Ronald Reagan, naye wa Republican. Aphungu omwewo anagwirizana pa nkhani ziwiri zikuluzikulu. Imodzi inacha, ina inafota ikadali m'munda, ndipo kwa ine chosangalatsa n'chakuti zinatero bwanji.

Ndiyambe ndi ya South Africa, popeza kuno kunyanja dzikoli si lachilendo. Ambiri tinakula tikumva za agogo ndi amalume amene anapita kumigodi kudzera mwa Wenela ndi TEBA, ndipo mpaka lero anyamata a ku Mangochi akukwerabe mabasi a ku Johannesburg. Boma la Kamuzu linatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, pamene mayiko ena a mu Africa analifulatira.

Mu 1986 Congress inavomereza lamulo lolanga boma limenelo pa zachuma. Lamuloli linaletsa makampani a ku America kuikako ndalama zatsopano, linatseka msika wa chitsulo, malasha, uranium, nsalu ndi zokolola zochokera kumeneko, ndipo ndege za South African Airways zinaletsedwa kutera pa mabwalo a ku America. Zilangozo zikanachotsedwa pokhapokha Nelson Mandela atamasulidwa ndiponso malamulo akuluakulu a tsankho atayamba kuthetsedwa. Reagan anakana kusaina, ponena kuti zilango zipweteka anthu akuda omwewo ndipo kunyengerera kungathandize kuposa kukwapula.

Malamulo a ku America amalola aphungu kugonjetsa kukana kwa pulezidenti ngati magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse avomereza. Ku House mavoti anali 313 kwa 83. Pa 2 Okutobala 1986 Senate inavota 78 kwa 21, ndipo mwa 78 aja, 31 anali a chipani cha Reagan mwini. Amene anawatsogolera ndi Richard Lugar wa ku Indiana, wapampando wa komiti yoona za ubale ndi mayiko akunja, munthu wofatsa amene pa nkhani zambiri ankaima ndi pulezidenti wake. Ndimamulemekeza chifukwa cha tsiku limenelo. Kutsutsa mdani aliyense amatha. Kuimirira pagulu n'kuuza mkulu wa banja lako kuti apa mwalakwa kumafuna chiwindi.

Komabe tisaiwale kuti voti imeneyi inali yoponya kamodzi. Ululu wake unagwera kutsidya la nyanja yamchere, ndipo ovota ambiri a ku Indiana sanauone m'mbale mwawo. Phunguyo anabwerera kwawo mutu uli m'mwamba. Mandela anatuluka m'ndende mu February 1990, ndipo zilango zambiri zinachotsedwa mu 1991, ngakhale kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa anthu a ku South Africa eniake amene anamenya nkhondoyo ndi matupi awo.

Nkhani ya bajeti inali ya mtundu wina. Mu Disembala 1985 Reagan anasaina lamulo lodziwika ndi maina a masenetala atatu: Phil Gramm ndi Warren Rudman a Republican, ndi Ernest Hollings wa Democrat. Boma linkawononga ndalama zoposa zimene linkatolera ndi madola opitirira 200 biliyoni pachaka. Lamuloli linati mpata umenewu uzichepa chaka ndi chaka mpaka utheretu mu 1991. Aphungu akalephera kufika pa mlingo wa chakacho, mpeni unkayenera kugwa wokha, theka pa ndalama za asilikali, theka pa ntchito za m'dziko, kupatula zina monga penshoni ya okalamba ya Social Security. Nzeru yake inali yoopseza mbali zonse: a Republican aope za asilikali, a Democrat aope za anthu wamba, kenaka amvane.

Tingayerekeze ndi mwini bwato amene amadziwa kuti usipa ukagulidwa bwino ndalama sizigona m'thumba mwake, ndiye akupereka kiyi wa bokosi kwa mnansi. Koma bokosilo ndi lake, ndipo ali ndi ufulu woitanitsa kiyiyo tsiku lililonse. Zinachitikadi choncho. Mu 1986 Khoti Lalikulu linagamula kuti mkulu amene anapatsidwa mphamvu yolamula kudulako sangakhale nayo, chifukwa anali pansi pa Congress. Mu 1987 aphungu anakonza lamulolo n'kukankhira tsiku lomaliza ku 1993. M'kati monsemo ankalemba ziyembekezo zokoma za chuma, kugulitsa katundu wa boma, ndi kusuntha masiku a malipiro kuti manambala aoneke bwino papepala. Chaka cha 1991 chimene chinalonjezedwa chija, mpatawo unali madola pafupifupi 269 biliyoni.

Ine ndimaona kuti mu 1985 sanagwirizane za chimene adule kapena msonkho umene akweze. Anangogwirizana kuti pasapezeke wina woloza chala. Pa South Africa phungu aliyense anaika dzina lake pa chosankha chenicheni. Pa bajeti anafuna kuti masamu asankhe m'malo mwawo, chifukwa chipatala chimene chikanataya ndalama chinali cha m'dera lawo, ndipo chisankho cha House chimabwera zaka ziwiri zilizonse.

Kumvana kwenikweni kunadza mu 1990. George H. W. Bush anakhala pansi ndi atsogoleri a Democrat, iye navomera kukweza misonkho ngakhale analonjeza poyera kuti sadzatero, iwonso navomera malire pa ndalama zogwiritsa ntchito, ndi lamulo lakuti chatsopano chilichonse chisonyeze kumene ndalama zake zichokere. Aphungu ambiri a chipani chake ku House, motsogozedwa ndi Newt Gingrich, anamupandukira. Mu 1992 Bush anagonja pachisankho. Panatsatira mapangano ena mu 1993 ndi 1997, chuma nacho chinakula, ndipo mu 1998 boma la America linatsala ndi ndalama kumapeto a chaka, koyamba chichokere 1969.