Chithunzi cha Amayi Pakhonde

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, kuchonga mayeso a teremu kunandipanikiza. Ambiri mumandidziwa kuti tsiku la masewera kapena la kutsanzikana ndi a Fomu 4 sindisowa ndi kamera pakhosi. Chimene simudziwa n'chakuti kamera yomweyo inatsala pang'ono kundichititsa manyazi pamaso pa abale anga onse. Lero ndati ndikusimbireni.

Kuno kwathu tili ndi kalabu yojambula zithunzi. Ndi kagulu kochepa: anamwino awiri, mnyamata wojambula maukwati, ana athu akale a sukulu angapo, ine, ndi madala ena amene nthawi ya filimu ankayenda ndi njinga m'midzi kujambula anthu, kenaka anadzagwira ntchito yotsuka zithunzi mu situdiyo. Timakumana Lachisanu madzulo kamodzi pamwezi m'kalasi yobwereka. Aliyense amabwera ndi zithunzi ziwiri pa fulashi, timazikopera pa laputopu ya kalabu n'kuzionetsa pakhoma ndi pulojekita, magetsi akalola. Lamulo lalikulu ndi limodzi: chithunzi chako chikaonekera, iwe mwini wake pakamwa tseka mpaka onse atamaliza kunena zimene akuona.

Anzanga aphunzitsi, lamulo limeneli kwa ife ndi chilango. Tinazolowera kuti cholembera chofiira chimakhala m'dzanja lathu. Kukhala pa desiki la mwana, manja pachifuwa, anthu akusanthula ntchito yako ngati lichero la mpunga, thukuta limatuluka ngakhale mu Juni.

Chithunzi chimene ndikunenachi ndinajambula kumudzi kwathu ku Ntcheu, masana dzuwa lili paliwombo. Amayi anga anakhala pakhonde akusenda mtedza, lichero pamiyendo, kumbuyo kwawo bwalo likuwala kuti mbee. Ndinachikonda kwambiri chifukwa amayi sankafuna kujambulidwa. Ukangotulutsa kamera ankathamangira m'nyumba kukasintha nsalu, n'kudzaima chilili ngati msilikali, nkhope ili gwa. Tsiku limeneli sanandione. Anali akuseka zinazake zimene mdzukulu wawo ananena.

Chitaonekera pakhoma, kunali zii. Kenaka madala aja anakhosomola pang'ono nati, "Aphunzitsi, apa mumajambula amayi kapena bwalo?" Anthu anaseka. Zoonadi, bwalo linaoneka bwino, nkhuku ndi mtondo zonse zili poyera, koma nkhope ya amayi inali mdima wokhawokha, mano okha akuyera.

Chifukwa chake ndimachidziwa, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri, poti ndine wophunzitsa za kuwala. Kamera ukaisiya kuti iganize yokha, imayeza kuwala kwa malo onse n'kuyesetsa kuti pakatikati pake pakhale potuwa, mtundu umene ojambula amati umabweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala kogwerapo. Ikaona bwalo lowala kwambiri imachepetsa kuwala kolowa, ndipo chilichonse chimene chili pamthunzi chimamira. Munthu wakhungu lakuda atakhala pakhonde ndiye amamira kawiri. Ndikanayandikira n'kuyeza kuwala pankhope pawo, kapena kuwonjezera sitepe imodzi pa exposure, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Loweruka m'mawa kalabu imakhala ndi maphunziro okonza zithunzi pa kompyuta. Wophunzitsa ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha Fomu 3 ndi Fomu 4. Pano ndi mayi wa ana awiri, ndipo mpaka lero ndimasokonezeka kuti ndizimuti iwe kapena inu. Timagwiritsa ntchito GIMP chifukwa ndi yaulere, sitingakwanitse kulipira Photoshop mwezi ndi mwezi. Ena tinayambira pa Picasa, imene inali ndi kabatani kongodina kamodzi zonse n'kukonzeka, koma Google inasiya kuisamalira mu 2016.

Tsiku loyamba mtsikanayu analemba pabolodi ndi choko, zilembo zikuluzikulu, kuti usasunge chithunzi chokonzedwa pamwamba pa choyambirira. Anafotokoza kuti JPEG imataya tizinthu tina nthawi iliyonse ukaisunganso, ndipo chimene chatayika sichibwerera. Ine nthawi imeneyo ndinali ndatsegula kale chithunzi cha amayi, ndikuseweretsa Curves, ngati anyamata a kumbuyo aja amene ndimawakalipira tsiku ndi tsiku. Ndinakoka kamzere kaja m'mwamba. Nkhope inatuluka mu mdima. Ndinakokanso. Maso anaoneka, makwinya anaoneka. Ndinakoka kachitatu, mtima uli phee ndi chimwemwe, n'kusunga pamwamba pa choyambirira. Memory card ndinaifufuta sabata yomweyo kuti ndijambule mpira wa sukulu.

Patapita nthawi amayi anatisiya. Za maliro sindilemba pano. Chaka chitatha, abale tinagwirizana zomanga chiliza, ndipo achimwene anga aakulu anati, "Iwe ndiwe wa makamera, tipezere chithunzi chabwino choti tiike mu fulemu, china tisindikize pa pologalamu." Zithunzi zina zonse zinali zija zoima chilili. Chosekacho chinali chimodzi basi.

Ndisanapite nacho kosindikiza ndinati ndikachionetse kaye ku kalabu. Kunena zoona sindinkafuna malangizo, ndinkafuna kuti madala aja aone kuti funso lawo ndaliyankha. Chinaonekera pakhoma. Namwino wina anati nkhope tsopano ikuoneka. Wojambula maukwati uja anati makasitomala ake akanachikonda. Kenaka mwana wanga wa sukulu uja anati, mwaulemu wake wonse, "Aphunzitsi, chithunzichi ndinachiona ulendo woyamba uja. Manja a agogowa pa lichero anali padzuwa, ndipo khungu lawo ndikulikumbukira. Silinali ili."

Lamulo ndinaliphwanya pomwepo. Ndinaimirira n'kuyamba kufotokoza kuti nkhope inali yosaoneka, kuti ine ndangobwezeretsa kuwala, kuti amayi anga ndimawadziwa ndine. Mawu anga anakwera ngati ndili pa asembule. Iye sanandibweze. Anangoti, "Muwatumizire achemwali anu, musawauze kalikonse."

Usiku womwewo ndinamutumizira mlongo wanga pa WhatsApp. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu: "Kodi amayi anayamba liti kudzola mafuta oyeretsa khungu?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi nthawi yaitali ndikuyang'ana foni. Chimene chinandiopsa si kulakwitsa kokoka kamzere, ayi. N'chakuti miyezi yonseyi ndinkachiyang'ana chithunzicho n'kumaona kuti n'chokongola, osazindikira kuti mayi amene akusekayo ndi woyererapo kuposa amene anandibereka. Diso langa linavomera lokha kuti kuyera ndiye kukonzeka. Ndi ine yemwe amene ndimadzudzula atsikana a Fomu 2 akabwera kuchokera ku holide nkhope zasintha mtundu, zala zili zakuda.

Loweruka lotsatira ndinapita mutu uli pansi. Mtsikana uja sanandikumbutse za pabolodi. Anatsegula laputopu ya kalabu, n'kulowa mu foda ya mwezi umene ndinaonetsa chithunzicho koyamba. Chinali momwemo, chakuda chomwecho, mmene chinatulukira mu kamera. Zithunzi za usiku wosanthula sazifufuta. Ndikanakhala kuti ndinaopa kusekedwa n'kusachionetsa ulendo woyamba uja, bwenzi chitapita.

Tikukonza, anatifotokozera zimene ine sindinkazidziwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malabu otsuka zithunzi za mitundu ankalinganiza makina awo pogwiritsa ntchito kakhadi kokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, kamene ankakatcha Shirley. Khungu lake likatuluka bwino, ankati makina ali bwino, ndipo zithunzi za wina aliyense zinkatsukidwa pa muyezo umenewo. Makhadi okhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana anadzafala m'zaka za m'ma 1990. Wofufuza wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba za nkhaniyi mu 2009, ndipo anafotokoza kuti ena mwa amene anadandaula kuti filimu sikusiyanitsa bwino mitundu yoderapo anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti. Madala aja atamva zimenezi anagwedeza mutu. Anati mu situdiyo makasitomala ambiri ankachita kupempha kuti awatulutse owala, ndipo amene watuluka wakuda ankakana kulipira. Iwo ankamvera, poti pakhomo pamafunika ndiwo.

Koma madala omwewo ndi amene anandionetsa njira. Anati m'chipinda chamdima, akafuna kuti nkhope ioneke popanda kuwononga zina, ankatenga kakatoni komata pa waya n'kumakagwedeza pakati pa nyali ndi pepala kwa timasekondi tochepa, kutchinga kuwala pamalo a nkhope pokha. Mu GIMP chida chimenechi chilimo, amachitcha Dodge. Tinayamba ndi manja a amayi amene anali padzuwa, kuti atiuze mtundu weniweni wa khungu. Kenaka tinakweza mthunzi wa pankhope pang'onopang'ono mpaka unayandikira mtundu wa manjawo, osapitirira. Zinatitengera pafupifupi maola awiri. Nkhope inatsala yakuda ndithu, koma tsaya likuwala kumbali imene kunali bwalo, ndipo maso akuoneka kuti akuyang'ana mwana.

Panatsala mkangano umodzi. Pakona ya chithunzi panali chigubu chachikasu, chija cha mafuta ophikira chimene kumudzi amatungira madzi. Ine ndinkafuna chichoke, chinkandinyansa. Wojambula maukwati anati iye amachotsa zotere tsiku lililonse, ngakhale alendo osaitanidwa amawafufuta. Mtsikana uja anatikumbutsa za Narciso Contreras, wojambula nkhani amene bungwe la Associated Press linasiya kugwira naye ntchito mu 2014 chifukwa anafufuta kamera ya mnzake imene inaonekera pakona ya chithunzi cha nkhondo ya ku Syria. Wa maukwati anati chithunzi cha pachiliza si nyuzipepala, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo sananame. Mpaka lero kalabu yathu sinagwirizane kuti malire ali pati. Koma ine ndinali nditapsa kale kamodzi, dzanja linakana. Chigubu chinatsala.

Inu ana anga akale amene mumanditumizira zithunzi za maukwati ndi za ana anu, ndimasangalala nazo zedi. Koma ena mwa inu ndimachita kuwerenga dzina kuti ndikuzindikireni. Mafoni ambiri amabwera atatsegula kale zosalaza ndi zowalitsa nkhope pa kamera ya kutsogolo. Mukapeza mpata lowani mu settings muone. Ine ndikufuna kuona nkhope zimene ndinkaziitana pa rejisitala.

Tsiku lovundukula chiliza tinaika fulemu pa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Anthu ankadutsa mmodzimmodzi, ena akupukuta misozi. Mlongo wanga anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, sananene kanthu. Azakhali athu, amene maso awo ayamba kuchita khungu, ananyamula fulemu ija n'kuiyandikiza kumaso kwenikweni. Anakhala chete kanthawi, kenaka analoza pakona ndi chala nati, "Chigubu ichi n'changa ichi. Anabwereka chaka cha njala, sanabweze."