Citseko ca Corolla ya atate

Atate atamwalila, Corolla yao inakhala zaka ziwili pansi pa mtengo wa mango ku Petauke. Dzimbili linadya citseko ca kumbuyo. Ndalama ya panel beater ndinalibe, conco ndinagula filler, hardener ndi sandpaper kuti ndikonze ndekha.

Ndinacita mothamanga. Ndinangopala pamwamba n'kumata. Munali mu October, filler inauma ndisanamalize kuisalaza. Nditapopela primer ndi penti panaoneka bwino ndithu, mpaka mvula itagwa. Penti inatupa.

Amalume a ku Nyimba, amene amanyamula nthoci pa Great East Road, anangokanda ndi cikhadabo. "Mphwanga, dzimbili walikwilila lamoyo."

Tinagumula zonse. Sandpaper ya 80 mpaka citsulo cinawala, filler pang'ono pang'ono, ndiyeno 180, ndiyeno 320. Anandiuza kutseka maso n'kupapasa ndi cikhatho, cifukwa dzanja limamva zigodi zimene diso limaphonya. Masiku anai pa citseko cimodzi! Zala zanga zinacita matuza.

Ndalama inathela pa primer. Galimoto ndi yoyela, citseko n'cotuwa. Amai amakhala mbali yomweyo tikamapita ku chalichi, ndipo sadandaula.